Kodi pabodi ya bungwe lanu pakhala ndani, ndipo adagwirapo ntchito yanji?

Kasinje ndi malo a pamsewu. Wodutsa pa M5, kuchokera ku Salima kulowera ku Balaka, amaona matumba a chimanga, mtedza ndi nandolo, ndipo tsiku la msika amakumana ndi amayi a madengu a usipa ndi utaka wochokera kumadooko a Malembo, Msaka ndi Chipoka. Boma la Ntcheu silifika kunyanja, koma anthu a m'chigwa cha Bwanje amadya ndiwo za kunyanja, a kunyanjanso amadya ufa wa m'chigwa. M'mabanja ambiri wina ali kumunda, wina ali pamadzi.

Msewu womwewu ndi umene umabweretsa alendo a mabungwe. Ena ndi a boma, ena ndi a makampani, koma masiku ano achuluka a mtundu wapakati: mabungwe ochita malonda amene amati phindu lawo silipita m'thumba la munthu, limabwerera kukathandiza anthu omwewo. Pachingerezi amawatcha social enterprise. Amabwera ndi mbewu ndi feteleza wa pangongole, mapampu a sola, matenti oyanikira usipa, kapena lonjezo logula zokolola zonse pamtengo wabwino. Iwo nawo amapempha ndalama yolembetsera, masheya, kapena kuti musonkhanitse matumba anu m'nyumba yawo yosungiramo katundu.

Pamisonkhano yotere anthu amafunsa mtengo wa kilogalamu, tsiku lolipira, komanso ngati kuli alawansi. Funso limene silimvekamveka ndi ili: kodi pabodi ya bungweli pakhala ndani, ndipo anthuwo adagwirapo ntchito yanji pamoyo wawo? Likumveka ngati funso la anthu a m'tauni, eti? Koma yankho lake ndi limene lingakuuzeni ngati thukuta lanu la chaka chonse lili m'manja abwino.

Bodi n'chiyani kwenikweni?

Msodzi aliyense akudziwa mmene kampani ya chilimira imayendera. Pali siginala, wodziwa poyatsa nyali ndi nthawi yoponya khoka. Pali alovi okoka. Ndiye pali mwini zida. Mwini zida nthawi zambiri sagona pamadzi, koma ndiye amasankha siginala, kugula mafuta, kuwerenga mabeseni m'mawa ndi kuyankha akabwera a zausodzi. Akakhala munthu wosadziwa nyanja, anyamata amamunamiza mmene angafunire: lero ati mwera, mawa ati mwezi, mkuja ati injini yavuta. Akakhala wodziwa, amangoyang'ana mafuta otsala m'chigubu n'kudziwa ngati boti lidapitadi kutali.

M'bungwe, manijala ndi antchito ake ali ngati siginala ndi alovi. Bodi ili pamalo a mwini zida, kungoti zidazo si zake, ndi za mamembala kapena za anthu amene bungwelo lidakhazikitsidwira. Ntchito ya bodi ndi kulemba ndi kuchotsa manijala, kuvomereza ndondomeko ya ndalama ya chaka, kuwerenga mabuku, kuonetsetsa kuti bungwe silikupatuka pa cholinga chake, ndi kuyankha pamaso pa malamulo zinthu zikalakwika. Pachisilamu timati ndi amana, katundu wosungitsa amene mwini wake adzamufunsa.

Choncho bodi siyenera kukhala mpando wopumirapo anthu aulemu. Munthu amaona zimene ntchito yake idamuphunzitsa kuona. Amene adakhalapo pasikelo amadziwa mmene makilogalamu amasowera. Amene adasungapo mabuku a ndalama amazindikira risiti yolembedwa kawiri. Amene adayanikapo usipa mvula ikugwa amadziwa kuti dongosolo lolembedwa mu ofesi lingathe kuvunda pathandala. Bodi yonse ikakhala ya anthu a ntchito imodzi, pali mbali zina za bungwe zimene palibe akuziyang'ana.

Maina awo si chinsinsi

Ena akafunsidwa za bodi amayankha ngati mwawatukwana. Musaope, malamulo ali mbali yanu. Kopaletivi imalembetsedwa pansi pa lamulo la makopaletivi la 1998, ndipo mwini wake ndi mamembala: aliyense ali ndi voti imodzi, kaya ali ndi matumba 5 kaya 50, ndipo bodi imasankhidwa pamsonkhano waukulu. Mabungwe omwe si aboma amalembetsa ku NGORA, nthambi imene idabwera lamulo lawo litakonzedwanso mu 2022, ndipo chaka ndi chaka amayenera kupereka lipoti la ntchito ndi la ndalama. Ma SACCO amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi potsatira lamulo la 2011. Ena amalembetsa ngati trasti kapena kampani, koma nakonso maina a matrasti ndi madairekitala amalembedwa.

Ndiye kuti bungwe lililonse lovomerezeka lili ndi setifiketi, lili ndi malamulo ake olembedwa, lilinso ndi maina a anthu oyankhapo. Amene akubwera kudzatenga ndalama zanu koma sangatchule anthu amenewa, wakuuzani kale zambiri.

Chitsanzo cha kwathu konkuno: NASFAM

Bungwe la alimi limene ambiri tikulidziwa, NASFAM, ndi chitsanzo chabwino cha mmene funso la bodi lingayankhidwire. Mizu yake ili m'ntchito ina imene idayamba chapakati pa zaka za m'ma 1990 ndi thandizo la USAID, yolimbikitsa makalabu a alimi ang'onoang'ono amene adali atangololedwa kumene kulima fodya wa bale. Makalabuwo adaona kuti akamasonkhanitsa mabelo ndi kubwereka galimoto limodzi, mtengo wa mayendedwe umatsika. Mu 1997 magulu awo adagwirizana n'kupanga NASFAM, imene idakula mpaka kufika pa alimi oposa 100,000.

Kamangidwe kake kamayambira pansi. Alimi 10 mpaka 15 amapanga kalabu, makalabu amapanga magulu a m'dera, maguluwo amapanga asosiyeshoni, ndipo nthumwi za maasosiyeshoni ndi zimene zimasankha bodi ya dziko lonse. Pabodipo pamakhala alimi, anthu odziwa kupweteka kwa khasu. Koma ntchito ya tsiku ndi tsiku adaipereka kwa akatswiri olembedwa ntchito. Kwa zaka zambiri mkulu wa ogwira ntchito adali a Dyborn Chibonga, ndipo atachoka iwo udindowu udapita kwa Dr Betty Chinyamunyamu. Adagawanso bungwelo pawiri: mbali ya malonda, imene imagula ndi kugulitsa zinthu monga mpunga wa Kilombero umene timauona m'masitolo, ndi mbali ya chitukuko, yoona za maphunziro ndi ulangizi. Kugawa kotereku kumathandiza kuti ndalama za malonda ndi ndalama za thandizo zisasakanikirane m'mphika umodzi.

Phindu la kuphatikiza alimi ndi akatswiri lidaonekera pa mtedza wa ku Mchinji. Misika ya ku Ulaya ili ndi malamulo okhwima pa chuku, poizoni uja amabwera mtedza ukanyowa kapena ukasungidwa molakwika. Mlimi payekha sakadatha kuyeza chuku, katswiri payekhanso sakadatha kusintha mmene anthu amaumitsira ndi kusendera mtedza m'midzi. Atagwirana manja, alimi a asosiyeshoni ya ku Mchinji, MASFA, adayamba kugulitsa mtedza wawo ku Britain pansi pa chizindikiro cha Fairtrade m'zaka za m'ma 2000. Mutu umodzi susenza denga, akuluakulu adatero.

Phunziro la ku Malombe ndi ku Chiuta

A kunyanja ali ndi mbiri yawoyawo pankhaniyi. Chambo chitatha m'nyanja ya Malombe, boma lidayambitsa makomiti a m'madooko, ma BVC, cha mu 1993, ndipo lamulo la zausodzi la 1997 lidapereka mpata woti anthu azitenga nawo mbali posamala nsomba. Ganizolo lidali labwino ndithu. Koma ofufuza amene adatsatira ntchitoyi adapeza kuti m'makomiti ambiri oyambirirawo asodzi enieni adali ochepa. Mipando idapita kwa anthu ena a m'mudzi, ena oyandikana ndi mafumu, ena okopeka ndi alawansi ya maphunziro. Eni zida ndi alovi, amene malamulowo amawakhudza, ankaona komiti ngati ya boma. Lamulo lopangidwa ndi munthu wosalowa m'madzi limavuta kulisunga usiku pamadzi.

Ku Chiuta zidayenda mwina. Chapakati pa zaka zomwezo za m'ma 1990, asodzi eni ake ndi amene adadzuka ataona kuti makoka a nkacha obwera ndi alendo akuwononga nsomba ndi kudetsa madzi. Adapanga makomiti awo n'kuchotsa makokawo m'nyanjamo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Makomitiwo adali ndi mphamvu chifukwa okhalamo adali anthu oti nsomba zikatha iwonso agona ndi njala.

Apa tikuphunzirapo chinthu choyamba: bodi ya bungwe la alimi kapena asodzi ikasowa alimi ndi asodzi enieni, ngakhale itadzaza madigiri, imayankhula chilankhulo chimene kudooko ndi kumunda sachimva.

Za kutali zimene zingatithandize

Maiko ena a Asilamu anzathu adayenda kale njirayi. Ku Bangladesh, Muhammad Yunus adali mphunzitsi wa zachuma payunivesite ya Chittagong. Mu 1976 adabwereketsa ndalama zokwana madola 27 kwa anthu 42 a m'mudzi wa Jobra, amene adali atamangidwa ndi akatapila. Ntchitoyo idakula n'kukhala Grameen Bank mu 1983. Chochititsa chidwi ndi bodi yake: kwa zaka zambiri mipando 9 idali ya amayi obwereka ndalama kubankiyo, osankhidwa ndi anzawo, ndipo mipando yotsalayo ndi imene ankasankha a boma. Mu 2006, pamene Yunus ndi bankiyo adapatsidwa mphoto ya Nobel, amene adailandira m'malo mwa banki adali mayi wakumudzi wa pabodipo, Taslima Begum. Grameen imalipiritsa chiwongoladzanja, choncho si zonse zake zimene Msilamu angatengere. Koma yasonyeza kuti mayi wosapita patali ndi sukulu angathe kukhala pabodi ya banki.

M'dziko lomwelo, bungwe la BRAC lidayambitsidwa mu 1972 ndi Fazle Hasan Abed, yemwe adali akauntanti ndipo adagwirapo ntchito kukampani ya mafuta ya Shell. Luso lake la mabuku adalitengera ku ntchito yothandiza osauka: kuwerengera mtengo wa chilichonse, kuyesa pang'ono asanakulitse, ndi kutsegula mabizinesi oti azithandiza kulipirira ntchito zachifundo. BRAC lero ndi limodzi mwa mabungwe akuluakulu zedi padziko lapansi omwe si aboma.

Ku Pakistan kuli Akhuwat, imene Dr Amjad Saqib adayambitsa ku Lahore mu 2001. Iwo adaphunzira udokotala, kenaka adagwira ntchito m'boma. Ngongole yawo yoyamba idali ya marupi 10,000 kwa mayi wamasiye, yopanda chiwongoladzanja. Mpaka lero Akhuwat imapereka qardh hasan, ngongole yobweza ndendende mmene udatengera, ndipo kawirikawiri imaperekera m'mizikiti, nthawi zina m'matchalitchi, pamaso pa anthu. Potero imachepetsa ndalama za maofesi, ndipo wobwereka amadziwa kuti mudzi wonse waona.

Mphunzitsi, akauntanti, dokotala. Aliyense adabweretsa zimene ntchito yake yakale idamupatsa, ndipo palibe adachita yekha. Nafenso tikamasankha bodi tiziganiza chimodzimodzi: munthu uyu akubwera ndi chiyani chimene enawa alibe?

Anthu amene bodi yabwino siyenera kuwasowa

Woyamba ndi mwini ntchito: mlimi amene akulimadi chaka chino, msodzi amene akadali pamadzi, mayi amene akuyanika ndi kugulitsa nsomba. Awa azikhala ambiri pabodi. Ndipo pa amayi tisachite zongodzaza mpando. Ntchito yokonza ndi kugulitsa usipa yambiri ili m'manja mwa amayi, ndiponso ndi iwo akuyendetsa mabanki mkhonde m'midzi yathu. Mayi amene wasunga bokosi la banki mkhonde zaka zingapo popanda tambala kusowa ali ndi umboni woposa setifiketi.

Wachiwiri ndi wa mabuku a ndalama. Sikuti mpaka akhale akauntanti wa ku Blantyre ayi. Akhale munthu wotha kufananiza buku la ndalama ndi sitetimenti ya kubanki, wodziwa kuti ndalama zolowa si phindu, wokumbukira kuti chigayo ndi injini zimatha ndipo pafunika kusungira zina. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, magulu amene adangosunga ndalama m'buku adadzuka ndalama zawo zitachepa mphamvu, pamene feteleza, mafuta ndi ukonde zidakwera. Munthu wa mabuku ndi amene amachenjeza anzake msanga kuti mtengo wobwezera ngongole ya zipangizo uwerengedwenso. Paja ndime yaitali kuposa zonse m'Qur'an, ya 282 m'Surat Al-Baqarah, nkhani yake ndi yolemba ngongole ndi kuikapo mboni. Kulemba si kukayikirana, ndi chiphunzitso chathu.

Wachitatu ndi wodziwa msika. Alimi a nandolo sadzaiwala 2017, pamene dziko la India, limene limagula nandolo wambiri wa kuno, lidachepetsa wolowa m'dziko mwawo ndipo mitengo idagwa mpaka ena kungosiya nandolo m'munda. Palibe bodi ikadaletsa zimenezo. Koma bodi yokhala ndi munthu wotsatira misika imafunsa mafunso nthawi ikadalipo: wogula wathu ndi mmodzi yekha? Akakana tipita kuti? Tili ndi posungira kuti tidikire mtengo? Chimodzimodzi ndi thonje, limene chigwa chino chimalidziwa bwino, komanso usipa umene mtengo wake umagwa ukaphedwa wambiri.

Wachinayi ndi wa luso la mbewu kapena la nsomba, monga mlangizi wopuma ntchito. Uyu ndi amene anganene ngati mbewu imene bungwe likufuna kugula ikugwirizana ndi kutentha kwa m'chigwa, ngati pampu ikukwanira kukula kwa dimba, kapena ngati maso a ukonde ali ovomerezeka.

Wachisanu ndi womvetsa mapepala a mgwirizano. Loya ndi wodula, koma bodi izikhala ndi munthu wosasainira chinthu asanachiwerenge mpaka kumapeto, wodziwanso nthawi yoti apa tikafunse loya kapena a ku ofesi ya DC. Ntchito zikuluzikulu zothandiza makopaletivi, monga AGCOM imene idabwera ndi ndalama za World Bank, zimafuna ndondomeko ya bizinesi yolembedwa bwino komanso kuti gulu lisonkheko gawo lake. Magulu opanda munthu wa mapepala amaonera anzawo akulandira.

Kwa ife Asilamu palinso wachisanu ndi chimodzi: wodziwa malamulo a Chisilamu a malonda. Mabanja ambiri amakana kulowa m'magulu a ngongole poopa riba, ndipo mantha awo ndi omveka. Komatu njira zilipo. Pali murabaha, pomwe bungwe limagula injini kapena feteleza n'kumugulitsa membala pamtengo wodziwika, phindu lake lonenedweratu, iye n'kumalipira pang'onopang'ono popanda mtengowo kukwera. Pali salam, pomwe wogula amalipiriratu ndalama zonse za mbewu imene idzaperekedwe pa tsiku, muyezo ndi mtundu wogwirizana. Palinso qardh hasan ija ya Akhuwat. Shehe wophunzira bwino za malonda angathandize bodi kulemba mgwirizano woti mamembala alowe ndi mtima woyera. Sikuti mpaka akhale ndi voti. Angathe kukhala mlangizi woitanidwa pakafunika.

Nanga anthu oterewa tiwapeza kuti kuno ku Kasinje? Alipo, abale. Pali aphunzitsi opuma ntchito amene adasunga ndalama za sukulu. Pali amene adakhalapo makalaliki pamisika ya ADMARC. Pali anyamata obwera ku Joni amene adagwira m'mashopu n'kuphunzira kuwerengera katundu. Pali atsikana a Fomu 4 odziwa kompyuta ndi ndalama za pafoni. Palinso ana a kuno amene ali m'tauni, oti atapemphedwa mwaulemu angabwere kanayi pachaka kudzathandiza kwawo. Ngati malamulo a gulu lanu salola munthu wosakhala membala kuvota, muikeni ngati mlangizi wa bodi, basi.

Misampha yodziwika

Msampha woyamba ndi dzina lalikulu. Mabungwe ena amaika pakalata yawo maina a madokotala ndi mabwana opuma, koma anthuwo sadapondepo kudera kumene ntchito ikuchitika, ena mwina sakumbukira n'komwe kuti adavomera. Dzina silibwera kumsonkhano. Funsani kuti bodi idakumana liti komaliza, ndipo ndani adabwera.

Wachiwiri ndi chibale. Wapampando ndi malume, msungichuma ndi mphwake, wosunga makiyi a nyumba ya katundu ndi mlamu. Onsewo angakhale anthu abwino, koma tsiku limene thumba lidzasowe, adzafunsana bwanji? Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Osainira kubanki asakhale a nyumba imodzi, ndipo wosunga ndalama asakhale yemweyo wolemba buku.

Wachitatu ndi munthu wodya mbali ziwiri. Venda amadziwa msika kuposa tonse, n'zoona, koma ngati iye yemweyo akugula mbewu kapena nsomba kwa mamembala, mtengo ukatsika amapindula ndi iye. Ngati mwamufuna chifukwa cha luso lake, anene poyera malonda ake, zilembedwe, ndipo azituluka panja pokambirana nkhani yomukhudza. Chimodzimodzi mwini galimoto amene akufuna kunyamula katundu wa gulu.

Wachinayi ndi ndale. Akuluakulu akukumbukira ngongole za makalabu za SACA, zimene kwa zaka zambiri alimi ankabweza bwino kwambiri. Kudabwera chilala cha 1992, kenaka nyengo ya riferendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994, mawu n'kufala kuti ngongolezo n'zosabweza. Kubweza kudatsika mpaka dongosolo lonse lidagwa, ndipo m'malo mwake mudabwera MRFC. Ndalama za gulu zikangooneka ngati mphatso ya chipani, zatha. Membala aliyense ali ndi ufulu wa chipani chake, koma amene ali pampando wa chipani kapena akufuna kuima pachisankho ndi bwino apumule kaye pabodi.

Pali nkhani ina yofunika kuinena mwaulemu: mafumu athu ndi mashehe athu. Iwowa ndi kothawira zinthu zikavuta. Mfumu ikakhala msungichuma, ndalama n'kusokonekera, mlanduwo ukazengedwa kwa yani? Kuwasiya pamwamba monga oweruza ndi alangizi ndi kuwasungira ulemu wawo.

Msampha womaliza ndi kukakamira pampando. Munthu angayambe bwino, koma akakhala zaka 15 bungwe limasanduka munda wake. Malamulo anu anene zaka zimene munthu angakhale, ndipo posintha musachotse onse pakamodzi, kuti atsopano apeze owaphunzitsa.

Kudalirika ndi kudziwa

Ena amati bola munthu woopa Mulungu, zina zonse n'zachabe. Ena amati bola wophunzira. Mbiri ya Mtumiki Yusuf, mtendere ukhale pa iye, imatipatsa zonse ziwiri pamodzi. Pamene ankapatsidwa udindo woyang'anira nkhokwe za dziko la Iguputo, zimene zidamuyenereza zidali kusunga mokhulupirika komanso kuidziwa ntchitoyo, ndipo ndi zimene zidapulumutsa anthu pa zaka 7 za njala. Munthu wokhulupirika koma wosadziwa kuwerenga mabuku amaberedwa ali maso, n'kusainira yekha. Wodziwa koma wosakhulupirika amaba mwaluso moti mudzazindikira patapita zaka. Posankha tiziyang'ana zonse ziwiri, ndipo ngati sizikupezeka mwa munthu mmodzi, tiziike pabodi imodzi kuti zizilonderana.

Kusiyana zipembedzo kusatilepheretse. Makopaletivi a m'chigwa chino ndi a kunyanja muli Asilamu ndi Akhristu, Ayao, Angoni ndi Achewa. Sikelo sifunsa kumene munthu amapemphera. Ngati mnansi wathu wa kutchalitchi ndiye wodziwa mabuku ndipo mbiri yake ndi yoyera, mpatseni mpandowo.

Zoti mufunse pamsonkhano ukubwerawu

Kwa bungwe lochokera kunja, pemphani kuona setifiketi yake ndipo mulembe nambala. Funsani maina a onse a pabodi, kumene amakhala ndi ntchito imene aliyense adagwirapo. Funsani ngati pabodipo pali mlimi kapena msodzi, ndipo adamusankha ndani. Funsani ngati woyambitsa bungwelo alinso wapampando wa bodi komanso manijala nthawi imodzi, chifukwa zikatero ndiye kuti akudziyang'anira yekha. Funsani amene adafufuza mabuku awo chaka chatha, komanso kumene mungakadandaule ngati wogwira ntchito wawo wakulakwirani. Mukatero pitani kwa alangizi a zaulimi kapena a zausodzi a m'dera lanu, ngakhale ku ofesi ya DC ku Ntcheu, mukamve ngati akulidziwa. Bungwe lachilungamo limakondwa ndi mafunso otere, chifukwa limadziwa kuti membala wofunsa ndi amene amakhalitsa.

Kwa gulu lanu lomwe, musadikire tsiku la chisankho kuti muyambe kuganiza. Khalani pansi sabata zingapo chisankho chisanafike, mulembe maluso amene gulu likusowa, kenaka mufunefune anthu ake. Aliyense wofuna mpando aime kutsogolo anene ntchito zimene adagwirapo, ndalama za anthu zimene adasungapo, ndi mmene adazisiyira. Amene ali ndi ngongole ya gulu yosabweza ayambe wabweza. Ndipo mukawasankha musawataye: bwerani kumisonkhano, pemphani kuti lipoti la ndalama liwerengedwe mokweza m'Chichewa kapena m'Chiyao, ndipo mapepala ake amatidwe pakhoma poti aliyense aone.

Nthawi yabwino yochita zonsezi ndi pamene matumba akadali m'nyumba mwanu ndipo ndalama ya masheya ikadali m'manja. Zikangokwera galimoto, mafunso amasanduka madandaulo. Safunsa adadya phula. Allah atipatse atsogoleri osunga amana, ndipo nafenso atipatse kulimba mtima kowafunsa.